Alexander Fleming, dokotala amene sadataye mbale ya chuku

Mvula ikangoyamba, m'mbali mwa msewu ku Liwonde mumadzaza mabeseni a bowa, buledi wogona amachita nguwi, ndipo mtedza wosauma bwino umagwira chuku. Zitatuzi ndi banja limodzi, lomwe m'kalasi timalitcha mafangasi. Sizipanga zokha chakudya ngati mbewu zakumunda; zimamera pa chinthu n'kumachiwoletsa kuti zidye, ndipo zimafala ndi timbewu tosaoneka touluka mumphepo. Kambewu kamodzi kotere ndiko kadatchukitsa munthu amene tikumukumbukira lero.

Alexander Fleming adabadwa pa 6 August 1881 pafamu ina pafupi ndi Darvel ku Scotland. Bambo ake adamwalira iye ali ndi zaka 7. Atapita ku London adakhala kalaliki pakampani ya sitima zapamadzi zaka zinayi, kufikira ndalama zamasiye za m'bale wa bambo ake zidamuthandiza kulowa sukulu ya udokotala pachipatala cha St Mary's. Adamaliza mu 1906 ndipo adagwira ntchito pomwepo moyo wake wonse.

Pankhondo yoyamba yapadziko lonse adatumizidwa ku France. Kumeneko adaona asilikali akufa ndi mabala owola, ndipo adasonyeza kuti pabala lakuya mankhwala otsukira ankapha maselo oteteza thupi kuposa tizilombo. Kuyambira pamenepo ankasaka mankhwala opha tizilombo osavulaza wodwala.

Mu September 1928, pobwera kutchuthi, adapeza kuti imodzi mwa mbale zagalasi zomwe ankameretsamo mabakiteriya yagwira chuku. Ambirife tikadangoitsuka. Iye adaiyang'anitsitsa n'kuona kuti mozungulira chukucho mabakiteriya onse asungunuka. Chukucho chidali cha mtundu wa Penicillium, ndipo madzi omwe chinkatulutsa adawatcha penisilini. Adalemba zomwe adapeza mu 1929, koma anthu sadazilabadire, ndipo iye mwini adalephera kuwayenga madziwo kuti akhale mankhwala.

Apa tinene chilungamo, chifukwa mabuku ena amamupatsa ulemu wonse yekha. Amene adasandutsa penisilini kukhala mankhwala ndi gulu la ku Oxford: Howard Florey, Ernst Chain ndi Norman Heatley. Mu 1941 adabaya nawo wapolisi wina yemwe adali kayakaya. Adayamba kupeza bwino, koma mankhwala adatha; madokotala adafika powasefa mumkodzo wake kuti amubayenso, komabe adamwalira. Patangopita zaka zitatu, mafakitale a ku America adali kupanga penisilini wokwanira asilikali ankhaninkhani. Amoxicillin yemwe timalandira kuchipatala cha Balaka kapena cha Machinga ndi mdzukulu wa penisiliniyo.

Makolo, musamve ngati chuku chili chonse ndi mankhwala. Chuku cha mtedza ndi chimanga, chotchedwa Aspergillus flavus, chimatulutsa poizoni wa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Zipere za m'mutu mwa ana athu nazonso ndi mafangasi. Penisilini sazitha, ngakhale kuti griseofulvin wochiza ziperezo adachokeranso ku chuku china cha Penicillium.

Mu 1945 Fleming, Florey ndi Chain adalandira mphotho ya Nobel; Heatley adasiyidwa. Polandira mphothoyo Fleming adachenjeza kuti tsiku lina penisilini adzagulika paliponse, ndipo munthu akadzamwa mlingo wochepa tizilombo sitidzafa koma tidzazolowera mankhwalawo. Tikamaona makapisozi akugulitsidwa awiriawiri pamsika, ena n'kumamwera chimfine chomwe mankhwalawa sachiza n'komwe, tsiku lomwe ankaliopalo ndi lino.

Fleming adamwalira ndi matenda a mtima kunyumba kwake ku London pa 11 March 1955, ali ndi zaka 73, ndipo adaikidwa m'tchalitchi cha St Paul's.