Elliot Kamwana: Mlaliki wa m'mbali mwa nyanja amene anabwera ndi mabuku okana Utatu

Ambiri mwa ife amene timachoka ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota kukagulitsa usipa ndi utaka m'misika ya ku Ntcheu, monga pa Lizulu ndi pa Tsangano, tinakumanapo ndi Akhristu amene amatiuza kuti iwonso sakhulupirira Utatu. Ena a ife timadabwa, poti tinakula tikudziwa kuti Mkhristu aliyense amanena kuti Mulungu ndi Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Ana athu akamva zimenezi amatifunsa ngati anthu oterewa ali ofanana ndi ife. Kuti tiwayankhe moona, ndi bwino tidziwe mbiri ya Elliot Kenan Kamwana Chirwa, Mtonga wa ku Nkhata Bay, amene anali m'gulu la anthu oyamba kufalitsa chiphunzitso chimenechi m'dziko muno.

Kamwana anabadwa cha m'ma 1872. Anakulira kufupi ndi Bandawe, kumene amishoni a ku Scotland anasamukira mu 1881 atavutika ndi malungo ku Cape Maclear. Anaphunzira pa sukulu ya mishoniyo, ndipo poona kuti anali wanzeru anamutumiza ku sukulu yaikulu ya Livingstonia, kumtunda kwa Khondowe, imene ankaitsogolera Dr Robert Laws. Kumeneko anaphunzitsidwa chikhulupiriro cha mipingo yambiri ya Chikhristu, choti Mulungu ndi mmodzi koma mwa iye muli atatu ofanana mphamvu ndi ulemerero. Mu 1901 anachoka pa sukuluyo posagwirizana ndi zoti ophunzira azilipira fizi.

Atachoka ku Livingstonia, moyo wake unalumikizana ndi wa Joseph Booth, mmishonale wa ku England amene anafika m'dziko muno mu 1892. Anthu a ku Ntcheu akuidziwa ntchito ya Booth ngakhale dzina lake ena analiiwala. Ndiye anayambitsa Zambezi Industrial Mission, imene inatsegula nthambi ku Ntonda ndi ku Dombole, ndipo mishoni ya ku Gowa nayonso chiyambi chake chinachokera kwa iye. Booth anali munthu wosakhazikika pa mpingo umodzi. Mu 1906 anakumana ndi Charles Taze Russell wa ku America, mtsogoleri wa gulu la Watch Tower, nalandira chiphunzitso chake. Pa nthawiyo Kamwana anali atapita ku South Africa kukagwira ntchito, monga ankachitira Atonga ambiri. Mu 1907 anakumana ndi Booth ku Cape Town ndipo anakhala naye miyezi ingapo akuphunzira mabuku a Russell.

Mabukuwo ankatsutsa Utatu poyera. Russell ankati mawu oti Utatu mulibe m'Baibulo, kuti Atate yekha ndiye Mulungu Wamphamvuzonse, kuti Yesu analengedwa, ndiponso kuti mzimu woyera ndi mphamvu ya Mulungu, osati munthu wachitatu. Ankaloza malo a m'buku la Yohane pamene Yesu akusonyeza kuti Atate ndi wamkulu kuposa iye, ndi malo ena pamene Yesu akupemphera kwa Mulungu. Akhristu a Utatu nawo ali ndi malo awo. Amaloza chiyambi cha buku lomwelo la Yohane, ndi mapeto a buku la Mateyu pamene pali lamulo lobatiza m'dzina la atatuwo. Mbali zonse ziwiri zimawerenga buku limodzi, koma zimasiyana pa funso loti Yesu ndani.

Mkangano umenewu sunayambe ndi Russell. Ku Alexandria, m'dziko la Egypt, kunali wansembe dzina lake Arius amene ankaphunzitsa kuti Mwana analengedwa ndipo inalipo nthawi imene iye kunalibe. Nkhaniyo inagawa Akhristu kwambiri moti mfumu Constantine inaitanitsa mabishopu ku Nicaea m'chaka cha 325. Msonkhanowo unagamula kuti Mwana ndi wofanana ndi Atate m'chikhalidwe chake, ndipo Arius anapirikitsidwa kwawo. Msonkhano wina wa ku Constantinople mu 381 unatsindika umulungu wa Mzimu Woyera. Choncho zimene Kamwana ananyamula pobwerera kwawo zinali funso lakale kwambiri, limene mipingo ikuluikulu inkaliyesa lotha kale.

Kamwana anafika ku Nkhata Bay chakumapeto kwa 1908. M'miyezi yowerengeka chabe anabatiza anthu oposa 9,000. Tisanamizane kuti anthu onsewo anamutsatira chifukwa cha nkhani ya Utatu. Ku mishoni munthu ankadikira zaka ali m'kalasi asanabatizidwe, pamene Kamwana ankabatiza msanga ndiponso mosalipiritsa. Anthu anali atatopanso ndi msonkho wa nyumba. Kamwana ankalalikira, potsatira mawerengedwe a Russell, kuti mu 1914 maufumu a dziko adzatha, Ufumu wa Mulungu udzakhazikika, ndipo msonkho sudzakhalakonso. Zimenezi ndi zimene zinkakoka makamu. Komabe amene analowa m'gulu lake analandiranso mabuku aja, ndipo kuyambira pamenepo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja munapezeka Akhristu amene sankavomereza kuti Yesu ndi wofanana ndi Mulungu.

Amishoni anadandaula poona matchalitchi awo akuchepa anthu, ndipo boma la atsamunda linaopa mawu ake onena za msonkho. Mu 1909 anamugwira ndi kumuchotsa m'dziko. Anakhala kwa nthawi ku Chinde, kumathiriro a mtsinje wa Zambezi ku Mozambique, ndipo pambuyo pake boma linamusunga ku Mulanje moyang'aniridwa. Chaka cha 1914 chinafika. Nkhondo yaikulu inayambadi, koma Ufumu umene analonjeza sunaoneke, ndipo msonkho unapitirira. Mu January 1915 John Chilembwe anaukira boma ku Chiradzulu, ndipo ku Ntcheu Filipo Chinyama anayesa kumuthandiza. Kamwana sanatenge nawo zida, pakuti ankakhulupirira kuti Mulungu yekha ndiye adzasinthe zinthu. Ngakhale zinali choncho, boma linkamuona ngati munthu woopsa. Mu 1916 linamutumiza ku chilumba cha Mauritius, kenako ku Seychelles, ndipo analoledwa kubwerera kwawo mu 1937, patapita zaka zoposa 20.

Pobwerera anapeza zinthu zitasintha. Gulu la Watch Tower linali litatenga dzina loti Mboni za Yehova mu 1931, ndipo atsogoleri ake sankamuwerengera ngati mmodzi wa iwo. Kamwana anayambitsa mpingo wakewake ku Nkhata Bay, umene anthu amautchula kuti Mlonda, ndipo anautsogolera mpaka imfa yake mu 1956. A Mboni anapitiriza njira yawo, ndipo iwonso anakumana ndi mavuto. Boma linaletsa chipembedzo chawo mu 1967, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ambiri anathawira ku Mlangeni, kutsidya kwa malire a Ntcheu ndi Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993.

Kodi ana athu tiwauze chiyani? Choyamba, tiwauze kuti funso la umodzi wa Mulungu lakhala likuvutitsa Akhristu eni ake kwa zaka mazana ambiri, ndipo ena analolera kuchotsedwa kwawo chifukwa cha zimene ankakhulupirira. Si nkhani yoseka nayo mnansi. Qur'an, m'Surah Al-Ankabut ndime 46, imatilamula kukambirana ndi anthu a Buku m'njira yabwino kwambiri.

Chachiwiri, tiwauze kuti kukana Utatu pakokha sindiye Tauhid. Chiphunzitso chimene Kamwana anabwera nacho chinkamutchulabe Yesu kuti Mwana wa Mulungu, cholengedwa choyamba chimene zinthu zina zonse zinalengedwa kudzera mwa icho, ndiponso chinkati iye anafera machimo a anthu. Ife timakhulupirira kuti Isa mwana wa Mariam (mtendere ukhale pa iye) ndi kapolo ndi Mtumiki wa Allah, wobadwa mozizwitsa popanda bambo, ndipo Surah Al-Ikhlas imatiphunzitsa kuti Allah sanabereke, sanaberekedwe, ndipo alibe wofanana naye. Tikakumana ndi Mkhristu wokana Utatu, pali pamene tikugwirizana ndipo pali pamene tikusiyana. Chilungamo n'kutchula zonse ziwiri.

Chachitatu, titengepo phunziro pa chaka cha 1914. Kamwana anali munthu wolimba mtima, wosaopa mzungu pa nthawi imene ambiri ankaopa, koma anamangirira chiyembekezo cha anthu zikwizikwi pa tsiku limene munthu mnzake anachita kuwerengera. Tsikulo litadutsa, ambiri anakhumudwa. Surah Luqman ndime 34 imatikumbutsa kuti kudziwa za nthawi ya Qiyama kuli kwa Allah yekha, ndipo ngakhale Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) sanauze anthu tsiku lake. Masiku ano m'mafoni athu mumafika mauthenga a anthu otchula chaka cha kutha kwa dziko, ena mwa iwo ovala ngati ife. Mbiri ya Kamwana itichenjeze.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo wina tikadzakhala pa Lizulu ndi dengu la usipa, mnzathu n'kuyambitsa nkhani ya Utatu, tidzayambe tamufunsa modekha kuti iye amati Yesu ndani, tidzamvetsere yankho lake mpaka amalize, kenako nafenso tidzamuuze zimene timakhulupirira.

Allah ndiye Mwini kudziwa konse.