BAMBO GEORGES LEMAÎTRE, WANSEMBE AMENE ANKAPHUNZITSA FIZIKISI

Pa tchuthi cha mu Juni nditapita kwathu kwa Kaphuka, malume anga anandiitana madzulo ena kuti tikaothere limodzi moto, poti kuzizira kwa kuno ku Dedza nonse mukukudziwa. Iwo anali ataona lipoti langa la kusukulu ndipo anazindikira kuti phunziro limene ndimakhoza koposa ndi fizikisi. Tsono anandifunsa chimene ndikutayira nthawi ku seminale m'malo mokonzekera za ku yunivesite. Lamulungu lake titatuluka m'tchalitchi, mkulu wina wa mpingo anandikokera pambali nandichenjeza kuti ndisamale nayo sayansi, chifukwa yalanda anyamata ambiri chikhulupiriro chawo. Akulu awiriwa sanapangane, koma onse ankanena chinthu chimodzi, choti unsembe ndi sayansi sizingagone m'nyumba imodzi.

Nditabwerera kuno ndinawafotokozera nkhawa yanga bambo amene amatiphunzitsa. Iwo sanandiyankhe zambiri. Anangondilembera dzina pa kapepala nandiuza kuti ndikafufuze ndekha. Dzinalo linali la Bambo Georges Lemaître, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndafuna kugawana nanu.

Georges Lemaître anabadwa pa 17 Julaye 1894 mu mzinda wa Charleroi m'dziko la Belgium, dera la migodi ya malasha. Anali woyamba mwa ana aamuna anayi m'banja lachikatolika. Sukulu anaphunzira kwa ansembe a chipani cha Ajezuiti, ndipo ali mnyamata anaonetsa kale zinthu ziwiri: luso la masamu ndi mtima wofuna unsembe. Atawauza atate ake za maitanidwe akewo, iwo sanamuletse, koma anamulangiza kuti ayambe wamaliza maphunziro. Motero mu 1911, ali ndi zaka 17, analowa pa yunivesite yachikatolika ya Louvain kukaphunzira uinjiniya.

Maphunzirowo anadukizidwa ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu Ogasiti 1914 asilikali a ku Germany analowa mu Belgium, ndipo ku Louvain anatentha nyumba ya mabuku ya yunivesite momwe munali mabuku oposa 200,000. Georges ndi mng'ono wake Jacques anadzipereka kulowa usilikali. Iye anamenya nawo nkhondo ya pa mtsinje wa Yser, kenaka anatumizidwa ku gulu la mizinga, ndipo anakhala ku nkhondoko zaka zinayi. Pomaliza analandira mendulo yaulemu. Koma anabwerako atasintha maganizo. Uinjiniya anausiya, nayamba masamu ndi fizikisi, ndipo mu 1920 analandira digiri ya udokotala wa masamu.

Chaka chomwecho analowa seminale ya Saint-Rombaut ku Malines, yomwe inkalandira anthu amene abwera atakula kale. Apa ndi pamene ine ndinayamba kutchera khutu. Akuluakulu a seminale sanamulande mabuku ake a sayansi. Kadinala Désiré-Joseph Mercier, amene anali Arkiepiskopi wa Malines, ankafuna ansembe ophunzira bwino, ndipo mseminaleyu analoledwa kumawerenga pa nthawi yake yopuma chiphunzitso chatsopano cha Albert Einstein cha mu 1915, chofotokoza mgwirizano wa malo, nthawi ndi mphamvu imene imakokera zinthu pansi. Nthawi imeneyo anthu ochimvetsa anali owerengeka. Iye anachiphunzira yekha, nalemba nkhani yaitali imene inamupezetsa thandizo la boma lokaphunzirira kunja. Anadzozedwa unsembe ndi Kadinala Mercier pa 22 Sepitembala 1923, monga wansembe wa dayosizi.

Masabata ochepa atadzozedwa anapita ku Cambridge ku England kukaphunzira kwa Arthur Eddington, katswiri wamkulu wa zakuthambo. Chaka chotsatira anaolokera ku America, komwe anagwira ntchito ndi Harlow Shapley ku Harvard ndi kulembetsa udokotala wachiwiri ku Massachusetts Institute of Technology. Ali komweko anayendera malo oonera nyenyezi nakumana ndi anthu amene ankayeza zinthu zakutali kwambiri kuthambo. Mu 1925 anabwerera kwawo nayamba kuphunzitsa pa Louvain.

Kuti timvetse ntchito yake, tiyambe tayang'ana kumwamba. Usiku wopanda mwezi, m'nyengo ino ya chisanu, timaona mzere woyera wodutsa thambo lonse, umene makolo athu anautcha mlalang'amba. Umenewu ndi mudzi waukulu wa nyenyezi zosawerengeka, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo. Cha m'ma 1924 Edwin Hubble anaonetsa kuti kunja kwa mlalang'amba wathuwu kuli milalang'amba inanso yambiri. Katswiri wina, Vesto Slipher, anali atapeza kale kuti kuwala kochokera ku yambiri mwa iyo kumapendekera ku mtundu wofiira. Amene munaimapo pa msewu wa M1 pa Linthipe mukudziwa kuti kulira kwa lole kumamveka kokwera ikamabwera, ndipo kumatsika ikangodutsa. Kuwala nakonso kumachita chimodzimodzi: chinthu chikamatithawa, kuwala kwake kumafiirira. Ndiye kuti milalang'amba ija inkatitalikira. Koma chifukwa chake panalibe wochifotokoza, pakuti pafupifupi akatswiri onse, ndi Einstein yemwe, ankakhulupirira kuti chilengedwe chili chikhalire, sichikula kapena kuchepa.

Mu 1927 Bambo Lemaître anaphatikiza masamu a Einstein ndi miyeso ya oona nyenyezi aja, ndipo anapeza kuti chilengedwe chikufutukuka. Anzanga amene munalembapo timadontho ndi minga pa dzungu laling'ono m'munda mudzamvetsa msanga. Dzungulo likamakula timadontho timatalikirana, ngakhale palibe kadontho kamene kayenda. Ndiponso timadontho timene tinali kale patali timatalikirana mofulumira kuposa toyandikana. Iye anaonetsa kuti liwiro limene mlalang'amba ukutithawira limakula molingana ndi kutalika kwa mtunda wake, ndipo anali woyamba kuwerengetsa mlingo wa kufutukukako.

Tsoka lake nkhaniyi anaisindikiza m'Chifalansa, mu magazini ya ku Brussels imene akatswiri akunja sankaiwerenga kawirikawiri. Chaka chomwecho anakumana ndi Einstein ku Brussels. Einstein anavomera kuti masamuwo anali olondola, koma ganizo loti chilengedwe chikukula analikana mwamphamvu. Anamuuzanso kuti katswiri wa ku Russia, Alexander Friedmann, anali atapeza masamu ofanana nawo mu 1922, zimene wansembeyu sankadziwa. Mu 1929 Hubble anasindikiza miyeso yake yoonetsa mgwirizano womwewo wa liwiro ndi mtunda, ndipo dziko linautcha lamulo la Hubble.

Pano pali phunziro la kudzichepetsa. Mu 1931 Eddington anakonza zoti nkhani ya mu 1927 ija imasuliridwe m'Chingerezi, koma ndime zowerengetsa mlingo wa kufutukuka sizinatulukemo. Anthu ena ankaganiza kuti wina anazichotsa mwachinyengo pofuna kuteteza ulemu wa Hubble. Mu 2011 katswiri wina, Mario Livio, anapeza kalata yoonetsa kuti womasulira anali Bambo Lemaître eni ake, ndipo ndimezo anazisiya okha poona kuti miyeso yatsopano inali yabwino kuposa imene anagwiritsa ntchito poyamba. Sanalimbane ndi munthu kuti dzina lawo limveke. Ulemuwo unadza okha atapita kale: mu 2018 bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union linavota kuti lamuloli lizitchedwa la Hubble ndi Lemaître.

Mu 1931 momwemo anapita patsogolo. Ngati chilengedwe chikukula, ndiye kuti dzulo chinali chocheperapo, ndipo tikabwerera m'mbuyo kwambiri tidzafika pamene zonse zinali zothinana pamodzi. Chiyambi chimenechi anachitcha atomu yoyamba, ndipo anachilemba m'kalata yaifupi mu magazini ya Nature. Ambiri sanakondwe nazo. Ena ankamukayikira kuti poti ndi wansembe, akulowetsa buku la Genesis m'sayansi mozembera. Mmodzi mwa otsutsa, Fred Hoyle, ndi amene anatchula ganizoli kuti Big Bang polankhula pa wailesi ya BBC mu 1949, ndipo dzinalo linakanirira mpaka lero.

Chondidabwitsa n'chakuti mayeso aakulu sanachokere kwa otsutsa okha. Mu Novembala 1951 Papa Pius XII, polankhula ku bungwe la sayansi la Apapa, anayamikira zimene akatswiri anapeza ngati umboni wa kulengedwa kwa dziko. Wina akanavina ndi chimwemwe, koma Bambo Lemaître anada nkhawa. Iwo ankaphunzitsa kuti chiyambi chimene fizikisi imayeza ndi china, ndipo kulenga kwa Mulungu ndi nkhani ina. Sayansi imafunsa mmene zinthu zimayendera, ndipo mayankho ake amasintha miyeso yatsopano ikabwera. Chikhulupiriro chimanena za Iye amene amachititsa kuti zinthu zikhalepo, ndi za chipulumutso chathu. Munthu akamanga chikhulupiriro chake pa chiphunzitso cha sayansi, tsiku limene chiphunzitsocho chidzagwe chikhulupiriro chidzagwa nacho. Ankakonda kukumbutsa za Mulungu wobisika amene mneneri Yesaya amamutchula, amene sapezeka ndi makina oonera nyenyezi. Chaka chotsatira Apapa polankhula kwa akatswiri a zakuthambo amene anasonkhana ku Roma sanabwerezenso mfundo ija. Mpingo sunamutaye chifukwa cha maganizo akewa. Iye anali membala wa bungwe la sayansi la Apapa kuyambira 1936, ndipo mu 1960 Papa John XXIII anamusankha kukhala mtsogoleri wake namupatsa ulemu wa Monsinyo.

Tisaiwale kuti ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali ya choko ndi bolodi. Anaphunzitsa pa Louvain kuyambira 1925 mpaka 1964. Ophunzira ake ankati sanali mphunzitsi wotsata notsi mwadongosolo. Ankakonda kuyamba funso pa bolodi nalimbana nalo pamaso pawo, kuti aone mmene katswiri amaganizira, mmene amalakwira ndi mmene amadzikonzera. Ndipo kulakwa analakwadi: ankaganiza kuti cheza champhamvu chimene chimagwa kuchokera kuthambo ndi zotsalira za atomu yoyamba ija, koma kafukufuku wapambuyo anaonetsa kuti sichoncho. Mu 1958 anabweretsa kompyuta yoyamba pa yunivesiteyo naphunzira kuigwiritsa ntchito ali ndi zaka zoposa 60. Pa zonsezi unsembe sanauike pambali. Anali wa m'gulu la ansembe lotchedwa Abwenzi a Yesu, limene linayambitsidwa ndi Kadinala Mercier, momwe ankalonjeza umphawi ndi kupatula nthawi yaitali ya mapemphero tsiku lililonse. Ankasamalanso ophunzira ochokera ku China amene anali ku Louvain, mpaka anayamba kuphunzira chilankhulo chawo.

Mu 1965 akatswiri awiri a ku America, Arno Penzias ndi Robert Wilson, analengeza kuti apeza kafundidwe kochepa kochokera mbali zonse za thambo, kotsalira kuchokera pa nthawi imene chilengedwe chinali chaching'ono ndi chotentha kwambiri. Uwu unali umboni umene unkasoweka. Mnzake wa pa ntchito, Odon Godart, anamuuza nkhaniyi ali chigonere m'chipatala. Bambo Lemaître anamwalira pa 20 Juni 1966 ali ndi zaka 71. Lero akatswiri amawerengetsa kuti papita zaka pafupifupi 13.8 biliyoni chiyambire kufutukukako.

Tsono ife kuno zikutikhudza bwanji? Njira imene iye anayenda ilipo ngakhale kwathu kuno: kukhoza bwino masamu ndi fizikisi pa MSCE, digiri yoyamba, digiri yachiwiri, kenaka udokotala, ndipo pamenepo munthu amatha kuphunzitsa ndi kuchita kafukufuku pa yunivesite. Fizikisi imaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba, imene makolo athu amaidziwa ndi dzina la Chancellor College, ndiponso ku Mzuzu University. Makoleji a Domasi ndi Nalikule amasula aphunzitsi a sekondale. Ntchito yofufuza ilipo yambiri, ngakhale pa kaphunzitsidwe kokha. Taganizani: m'Chichewa mawu amodzi oti mphamvu timatchulira zinthu zitatu zimene buku la fizikisi limazisiyanitsa, ndiye kukankha kapena kukoka, nyonga yogwirira ntchito, ndi liwiro limene ntchitoyo ikugwiridwira. Mwana wa fomu 1 amasokonezeka pomwepo, ndipo ambiri amathawa phunziroli osati chifukwa cha umbuli. Adzafufuze ndani njira yomuthandizira, makamaka m'sukulu zoyendera za kumidzi zimene zilibe labotale?

Anzanga aseminale, tisamaone sayansi ngati phunziro la amene akukonzekera kutuluka. Amene Mulungu adzawalola kupitirira ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba adzatumikira Akhristu amene ana awo akuphunzira za Big Bang m'kalasi, ndipo anawo adzafunsa mafunso. Amene adzatsate njira ina adzakhala aphunzitsi ndi makolo achikhristu. Inu ansembe athu, kumbukirani kuti popanda Kadinala Mercier kumulola ndi kumutuma, mnyamata uja sakanafika kumene anafika. Nanunso makolo, musatikakamize kusankha msanga pakati pa guwa ndi bolodi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ine sindine Lemaître, ndipo ngati ndidzafike pa unsembe, zokaphunzira kapena kusaphunzira fizikisi adzanena ndi Ambuye Episkopi, poti wansembe amalonjeza kumvera. Koma tchuthi chikubwerachi ndikawapempha malume ndi mkulu wa mpingo uja kuti tikhalenso pansi. Ndikawafotokozera za wansembe wa ku Belgium ameneyu, ndipo ndikawapempha kuti azindipempherera pa ziwiri zonse, maitanidwe anga ndi mayeso a fomu 4 amene ali pafupi.