Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi imene inkaphunzira ndi maso

Mwa anthu amene adakhala m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi m'zaka za m'ma 1800, ndi ochepa amene mbiri yawo idalowa m'buku. Mmodzi mwa iwo ndi Msyamboza, mfumu ya Achewa ya mudzi wa Chibanzi, kufupi ndi Kongwe m'dera la Mfumu Msakambewa. Paubwana wake kunalibe sukulu, koma iye amakumbukika chifukwa cha mtima wofuna kudziwa mmene zinthu zimachitikira, ndi kuziyesa ndi manja ake.

Msyamboza adabadwa cha m'ma 1830, dziko lino lili pafupi kugwedezeka. Mu 1835 Angoni a Zwangendaba adaoloka mtsinje wa Zambezi, ndipo patapita zaka gulu lina la Angoni, lotsogozedwa ndi Chiwere, lidakhazikika ku Dowa. Kunyanja nako, ku Nkhotakota, a Jumbe adatsegula msika wa minyanga ya njovu ndi akapolo. Midzi yambiri ya Achewa idabalalika, ina nkukabisala m'mapiri ndi m'malinga.

M'nyengo yovutayi iye adatchuka monga mlenje wa njovu. Ulenje wotere udali sukulu paokha. Mlenje ankayenera kuwerenga mapazi pansi, kudziwa kumene mphepo ikuchokera, kuzindikira mitengo imene njovu zimakonda ndiponso malo amene madzi saphwa m'chilimwe. Wolakwitsa chimodzi sankabwerera kumudzi. Minyanga inkapita kunyanja kukasinthana ndi nsalu, mfuti ndi wonga. Sitingabise kuti njira yomweyo ndi imene inkadutsa anthu omangidwa m'magoli, ndipo chuma cha nthawiyo chinali ndi misozi ya ambiri.

Chimene chidamusiyanitsa ndi anzake nchakuti maulendo ake sankathera pamalonda. Ena ankabwerera ndi nsalu zimene zinkang'ambika pakapita chaka. Iye ankabwera ndi mbewu komanso njira zatsopano zolimira, nkukaziyesa m'munda mwake. Safunsa adadya phula, amatero akuluakulu, ndipo Msyamboza ankafunsa.

Ntchito imene idamveka kwambiri ndi ulimi wa tirigu wothirira. Tirigu amafuna nyengo yozizira, ndipo m'mapiri a Dowa nyengoyi imafika m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, mvula italeka kale. Pamenepo ndiye panali mfundo: kuzizira kulipo, koma madzi kulibe. Yankho lidali m'timitsinje totsika m'mapiri. Munthu akapatutsa madzi kumtunda nkuwatsogolera m'ngalande yotsetsereka pang'onopang'ono, madziwo amayenda okha mpaka kumunda, popanda makina kapena ndowa. Ngalande ikatsetsereka kwambiri imakokolola nthaka, ikaongoka kwambiri madzi amaima. Kupeza pakati pake kumafuna diso lodekha ndi kuyesa kobwerezabwereza. Motero mudzi wa Chibanzi unkakolola pamene midzi ina inkangodikira mvula.

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, kenako ku Kongwe mu 1894 motsogozedwa ndi Robert Blake, mafumu ambiri adawayang'ana mokayikira. Msyamboza adaona mwayi wophunzira china. Adalola sukulu m'mudzi mwake ndipo iye mwini adalowa Chikhristu ali wamkulu kale. Alendowo ankafuna ufa wophikira buledi, choncho tirigu wa ku Chibanzi adapeza msika pafupi.

Si zonse zimene adachita zingakondweretse Mchewa wa lero. Adakana gule wa Nyau m'mudzi mwake, mwambo umene ndi phata la Uchewa ndipo bungwe la UNESCO lidauzindikira mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Apa mpamene mbiri yake imatisiyira funso lovuta: kodi munthu akamatsegula khomo kuti nzeru zatsopano zilowe, ayenera kutulutsa zingati za makolo? Funsoli likadali pakati pathu, m'mipingo, m'sukulu ndi m'mabwalo a mafumu.

Msyamboza adamwalira mu 1926 ali nkhalamba ya zaka zoposa 90. Kuti tikumudziwa lero nchifukwa cha munthu winanso wachidwi, mphunzitsi Samuel Yosia Ntara, mlembi wa Nthondo ndi Mbiri ya Achewa. Ntara adasonkhanitsa zimene anthu ankakumbukira za mfumuyi nkulemba buku lotchedwa Msyamboza. Thomas Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi ndipo lidatuluka ku London mu 1949 ndi mutu wakuti Headman's Enterprise.

Lero ku Kongwe kuli sukulu ya sekondale ya Robert Blake, kumene anyamata amaphunzira sayansi ndi zaulimi kuchokera m'mabuku. Komabe mabanja ochuluka m'dziko muno akudalirabe chimanga cha mvula kamodzi pachaka, ndipo mvulayo ikadula njala imalowa m'nyumba. Mitengo imene inkasunga akasupe m'mapiri ikuthera kumakala ndi nkhuni. Akasupewo akauma, nzeru ya ngalande imene Msyamboza adaionetsa zaka zoposa 100 zapitazo idzakhala yopanda ntchito, pakuti sipadzakhalanso madzi oti munthu apatutse.