Sir Frank Dixey, Katswiri Amene Adawerenga Miyala ya Kwathu

Ambiri mwa ife amene tidakulira m'chigwa cha Phalombe timadziwa mapiri a Michesi, Mauze ndi Tundulu ngati malo otolako nkhuni kapena odyetserako mbuzi basi. M'kalasi tidaloweza kuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, koma za munthu amene adayamba kufotokozera dziko lonse mtundu wa miyala ya mapiri amenewa sitidamve kawirikawiri. Munthuyo ndi Sir Frank Dixey.

A Dixey adabadwa m'chaka cha 1892 ku Britain ndipo adaphunzira sayansi ya miyala ku Cardiff. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse adakagwira ntchito ku Sierra Leone, kenaka m'chaka cha 1921 adabwera kuno ku Nyasaland kudzakhala katswiri wa boma pa za miyala. Likulu lawo lidali ku Zomba. Adakhala m'dziko muno mpaka 1939, zaka 18 zathunthu.

Misewu idali yochepa masiku amenewo. Ntchito yambiri inkachitika wapansi, nyundo kumanja, amtengatenga ali pambuyo ndi mahema, chakudya ndi matumba a miyala. Ine ngati munthu wogwira ntchito m'boma ndimadziwa momwe malipoti amalembedwera: dzina limene limaoneka pachikuto ndi la bwana. Amene adalozera njira za m'mapiri ndi kusenza miyala ija adali makolo athu, ndipo nawonso ntchitoyi ndi yawo.

M'chaka cha 1924 a Dixey adapeza dothi la bauxite, lopangira aluminiyamu, pamwamba pa phiri la Mulanje ku Lichenya. Mpaka lero dothilo silidakumbidwe. Ena amadandaula nazo, koma poganizira mitsinje imene imachokera m'phirimo, ine sindidandaula kwenikweni. M'zaka zomwezo adakafikanso ku Karonga komwe adatola mafupa a chinyama chachikulu chamakedzana cha mtundu wa dinosaur. Chinyamacho chidapatsidwa dzina lawo mu 1928, ndipo mu 1993 akatswiri atachifufuzanso adachitcha Malawisaurus dixeyi. Amene mudapitako kunyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga mudachiona chitaimikidwa pakati pa chipinda.

Koma chimene chikutikhudza ife a ku Phalombe ndi china. Pachilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, ndiponso ku Tundulu kufupi ndi Nambazo, kuli mwala wofanana ndi uja timaotcha popanga laimu. Akatswiri ambiri a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti mwala wotere umapangika m'madzi mokha, kuchokera ku zigoba za tizilombo ndi matope amene amadikha pansi kwa zaka zosawerengeka. Chidawadabwitsa a Dixey ndi m'mene mwalawu udakhalira. Sudayalane mopingasa ngati matope a pansi pa nyanja ayi. Udaboola miyala yakale kuchokera pansi, n'kukhala mozungulira ngati mphete, ndipo miyala yoyandikana nawo idali yosweka ndi yosinthika ngati yadutsa pamoto.

Adatumiza zidutswa ku London kwa katswiri wina, W. Campbell Smith wa ku British Museum, amene adaziyesa. Mu 1937 awiriwa pamodzi ndi C. B. Bisset adatulutsa lipoti lotchedwa The Chilwa Series of Southern Nyasaland, lofotokoza kuti mapiri amenewa ndi makosi a ziphalaphala zakale, ndipo mwalawo udakwera uli wosungunuka kuchokera pansi pa dziko. Lero mwala wotere umatchedwa carbonatite, ndipo wa pa Chisi ndiwo udayamba kuzindikirika mu Africa muno. Panali otsutsa kwa zaka zambiri, mpaka mu 1960 pamene akatswiri adadzionera ndi maso chiphalaphala cha mtundu womwewo chikutuluka m'phiri la Ol Doinyo Lengai ku Tanganyika. Ofufuza a pambuyo pake adapeza kuti miyala ya kwathuyi ili ndi zaka zoposa 100 miliyoni. Tangoganizani, anzanga, pamene agogo athu amalima nandolo padali ng'anjo.

Ntchito ina imene sitiyenera kuidumpha ndi ya madzi. A Dixey adaona kuti anthu a m'zigwa amavutika ndi madzi m'chilimwe, choncho adaika mtima pa kupeza malo okumbapo zitsime ndi mijigo. Mu 1931 adalemba buku lothandiza ofuna madzi a pansi pa nthaka lotchedwa A Practical Handbook of Water Supply. Kwa mayi wa kumudzi, ichi chidali chaphindu kuposa mafupa a ku Karonga.

Atachoka kuno adakayang'anira za madzi ku Northern Rhodesia, kenaka za miyala ku Nigeria. Kuyambira 1947 mpaka 1959 adali mkulu woyang'anira kafukufuku wa miyala m'maiko onse amene ankalamulidwa ndi Britain. Adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society mu 1958, adalandira ulemu wa Sir mu 1972, ndipo adamwalira mu 1982 ali ndi zaka 90.

Phiri la Tundulu lidafufuzidwanso mozama ndi M. S. Garson, amene lipoti lake lidatuluka mu 1962. Mumapezeka phosphate, wofunika popanga feteleza amene timagula modula kuchokera kunja. Kaphiri ka Songwe, pafupi ndi Mauze, n'ka banja lomwelo la miyala. M'menemo muli neodymium ndi praseodymium, zopangira maginito a galimoto zoyendera magetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mu 2024 boma lidasaina pangano ndi kampani ya Mkango Resources lokhudza mgodi wa pa Songwe. Inu amene muli ndi abale m'midzi yozungulira kaphiriko, nkhani za minda, chipukutamisozi ndi ntchito za ana athu muzitsate mwatcheru.