MBIRI YA TAD LINCOLN, MZIME WA PULEZIDENTI

Thomas Lincoln anabadwa pa 4 April 1853 ku Springfield, m'dziko la America. Anali mzime mwa ana anai aamuna a Abraham Lincoln ndi mai Mary Todd Lincoln. Ali khanda anali ndi mutu waukulu ndipo ankaphiriphitha ngati mbululu, motero atate ake anam'patsa dzina lakuti Tad, cidule ca liu la Cingerezi lotanthauza mbululu.

M'caka ca 1861 a Lincoln analowa m'nyumba ya boma ku Washington monga Pulezidenti, ndipo posakhalitsa nkhondo yapaciweniweni inabuka. Caka cotsatira Tad ndi mkulu wake Willie anadwala malungo oopsa. Tad anacira, koma Willie anamwalira pa 20 February 1862 ali ndi zaka 11. Malirowa anagwirizanitsa kwambiri tate ndi mwana wotsalayo.

Tad anali ndi cibwibwi ca mtundu wake, kotero kuti ambiri sankamva zonena zake, koma atate ake ankamumvetsa bwino lomwe. Ankalowa mosaodira m'cipinda ca msonkhano wa nduna, iwo osam'thamangitsa. Usiku akagona tulo m'ofesi, Pulezidenti ankamunyamula yekha paphewa kukam'goneka. Ena ankati mwanayo akulekereredwa. Komabe munthu wosenza dziko logawikana ankapeza mpumulo mwa iyeyo.

Pa 4 April 1865, tsiku lomwe Tad anakwanitsa zaka 12, atate ake anayenda naye m'miseu ya Richmond, likulu la oukira lomwe linali litangogwa. Patangopita masiku khumi, a Lincoln anaomberedwa ku Ford's Theatre, namwalira m'mawa mwake. Tad anamva mbiriyo akuonerera sewero m'nyumba ina ya zisudzo.

Kuyambira pamenepo anakhala mtonthozi wa amai ake. Mu 1868 anapita nao ku Germany kumene anakaphunzira sukulu, ndipo anabwerera kwao mu 1871. Anamwalira ku Chicago pa 15 July caka comweco ali ndi zaka 18, naikidwa ku Springfield pafupi ndi atate ake.

Tad sanakhale pa udindo uliwonse, koma mabuku a ana amasimbabe za iye. Cimene cimakumbukika n'cakuti atate ake, ngakhale anali pakati pa nkhondo, sanasowe nthawi yomumvetsera.