David Clement Scott, Mmisiri Wosaphunzira Kumanga

Tsiku lina aphunzitsi athu anatisonyeza cithunzi ca nyumba yaikuru ya nyimbo ndi masewero ya ku Paris, imene mmisiri Charles Garnier anaikonza ndipo inatsegulidwa m'caka ca 1875. Anatifunsa ngati kuno ku Malawi kuli nyumba yakale imene tinganyadire nayo cotere. Ine ndinakumbuka chalichi ca St Michael and All Angels cimene ndinaciona pokaceza kwa amalume ku Blantyre. Tsono ndifuna kukuuzani, anzanga, za munthu amene anatsogolera nchito yocimanga.

David Clement Scott anabadwa ku Scotland m'caka ca 1853. Anafika ku Blantyre mu 1881, pamene mishoni ya kumeneko inali itacita manyazi, cifukwa ena mwa Azungu oyamba ankaweruza milandu ndi kukwapula anthu ngati kuti iwo ndiwo boma. Scott anatumidwa kuti akayambenso nchitoyo mwa njira yina.

Garnier anaphunzira za kumanga zaka zambiri, koma Scott anali mbusa cabe. Ngakhale zinali tero, mu 1888 iye anayamba kumanga chalichi pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira, amenenso anali asanamangepo nyumba yotere. Panalibe mapulani olembedwa. Asanamange mbali yovuta, ankayamba asanja njerwa zouma popanda matope kuti aone ngati zidzagwirana. Njerwazo anaziumba ndi kuziocha pomwepo, ndipo zinali za mitundu yoposa 80, cifukwa zipilala, makhomo ndi mazenera zinafuna njerwa zosiyanasiyana. Ife a kuno ku Liwaladzi tidziwa kutopetsa kwa kuponda dothi ndi kunyamula cikombole; taganizani tsono nchito ya zikombole zambiri cotero! Chalichico cinatsegulidwa pa 10 May 1891, ndipo anthu akupembedzeramo ndi kuyimbiramo kufikira lero.

Scott anakondanso cinenero ca anthu amene ankakhala nao. Anachera khutu pa miyambi, nyimbo ndi miyambo yao, ndipo mu 1892 anasindikiza buku lalikuru lomasulira mau a Cimang'anja. Alexander Hetherwick analikonzanso bukulo nalisindikiza mu 1929.

Iye anakhulupirira kuti anthu akuda ayenera kutsogolera mpingo m'dziko lao, ndi kuti akuda ndi Azungu azipembedza m'nyumba imodzi. Anasankha amuna asanu ndi awiri nawapatsa udindo wa udikoni. Mmodzi wa iwo anali Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzozedwa ubusa mu 1911. Maganizo amenewa sanakondweretse Azungu ambiri a m'minda, ngakhale ena a mumpingo mwace momwe. Anamneneza kwambiri kwao ku Scotland. Mkazi wace anamwalira mu 1895, thupi lacenso linafooka, ndipo mu 1898 anacoka ku Blantyre. Pambuyo pace anakagwira nchito ku Kikuyu m'dziko la Kenya, kumene anamwalira mu 1907.

Nditaima patsogolo pa chalichico ndinayang'ana nsanja zace ziwiri, kenaka ndinakhudza khoma. Ndinaganiza za anthu amene anaumba njerwazo, makolo onga athu omwewa, amene sanalowepo m'sukulu ya zomangamanga. Scott anaona nzeru mwa iwo pa nthawi imene Azungu anzace ambiri ankawayesa oyenera kunyamula katundu basi. Anzanga, mukadzapita ku Blantyre musadzalephere kukaona nyumba imeneyi, ndipo pochula dzina la Scott mudzakumbukenso manja amene anaimanga.