Dr. Helen Taussig, Mayi Amene Ankamvera Mitima ya Ana ndi Zala

Amayi anzathu, ena mwa ife tidalerapo kapena kuona mwana amene amatopa msanga akamayamwa, amapuma mwawefuwefu, ndipo akalira milomo ndi lilime zimada mobiriwira. Ena mwa ana otere amakhala kuti adabadwa ndi mtima wosapangika bwino. Zaka 100 zapitazo, ngakhale m'zipatala zikuluzikulu za ku Amereka, makolo awo ankangouzidwa kuti palibe chimene chingachitike. M'kope lino tiyeni tikumbukire Dr. Helen Brooke Taussig, mayi amene sadakhutire ndi yankho limeneli.

Mayi Taussig adabadwa pa 24 May, 1898 mumzinda wa Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts ku Amereka. Adali chitsirizira m'banja la ana anayi. Bambo awo, a Frank Taussig, ankaphunzitsa za chuma pa sukulu ya ukachenjede ya Harvard. Mayi awo adamwalira ndi chifuwa chachikulu iwo ali ndi zaka 11. Sukulu idawavuta chifukwa zilembo zinkawasokonekera powerenga, koma bambo awo ankakhala nawo pansi n'kumawathandiza moleza mtima.

Atalandira digiri yoyamba ku Berkeley mu 1921, adafuna kuphunzira udotolo. Nthawi imeneyo sukulu ya udotolo ya Harvard sinkalandira akazi. Adayamba waphunzirako ku Boston University, kenaka adapita ku Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore, komwe adamaliza udotolo mu 1927. Mu 1930 adawaika kukhala mkulu wa kiliniki ya ana odwala mtima pa chipatala chomwecho.

Ntchito itangoyamba, makutu awo adayamba kugontha. Kwa dotolo wa mtima limeneli ndi vuto lalikulu, pakuti amadalira makutu pomvetsera kugunda kwa mtima. Mayi Taussig adayamba kuvala kachipangizo kothandiza kumva, adaphunzira kuzindikira mawu poyang'ana milomo ya wolankhula, ndipo adazoloweza zala zawo kumva mmene mtima ukugundira akaziika pachifuwa pa mwana. Ankaunikanso ana ndi makina a ekisireyi oonetsa mtima ukugunda, n'kumalemba mosamala zonse zimene aona.

Kuonetsetsa kumeneku n'kumene kudawatsegulira njira. Tikudziwa kuti mtima umapopera magazi ku mapapo kuti akatenge mpweya wabwino asanapite m'thupi lonse. Mwa ana ena, njira yopita ku mapapo imakhala yopapatiza, ndiponso pakhoma logawa mtima pakati pamakhala chibowo. Motero magazi ambiri amazungulira thupi osafika ku mapapo, n'chifukwa chake milomo imabiriwira. Madotolo amatchula vutoli kuti tetralogy of Fallot. Tsono mwana aliyense amabadwa ndi kamtsempha kolumikiza mtsempha waukulu wa thupi ndi wa ku mapapo, ndipo kamatseka kokha patapita masiku ochepa. Mayi Taussig adaona kuti ana odwalawa ankakhala bwinoko kamtsemphako kakachedwa kutseka, koma kakatseka ankafooka kwambiri. Apa m'pamene adaganiza kuti madotolo atha kupanga njira ina yonga kamtsemphako.

Iwo sadali dotolo wa opaleshoni, choncho adafunika anzawo. Woyamba kumufikira, Dr. Robert Gross wa ku Boston, sadachite nazo chidwi. Amene adavomera ndi Dr. Alfred Blalock, yemwe adabwera ku Johns Hopkins mu 1941 pamodzi ndi womuthandiza, a Vivien Thomas. A Thomas adali munthu wakuda, kalipentala amene adalephera kupita ku sukulu ya udotolo ndalama zawo zitathera m'banki imene idagwa. Ndi iwowa amene adayeserera opaleshoniyi pa agalu pafupifupi 200 ndi kukonza zipangizo zoyenera timitsempha ta makanda.

Pa 29 November, 1944 adachita opaleshoni yoyamba pa kamtsikana ka miyezi 15. Adatenga mtsempha wopita ku mkono n'kuulumikiza ku mtsempha wa ku mapapo, a Thomas ataima kumbuyo kwa Dr. Blalock n'kumawalangiza. Mwanayo adapeza bwino kwa miyezi ingapo, koma pambuyo pake adamwalira. Ana awiri otsatira adachira bwino, ndipo nkhani itamveka mu 1945 makolo adayamba kukhamukira ku Baltimore kuchokera kutali. Chomvetsa chisoni n'chakuti dzina la a Thomas silidalembedwe mu lipoti la ntchitoyi. Adawalemekeza ndi digiri yaulemu mu 1976, ndipo lero ambiri amatchula opaleshoniyi ndi maina onse atatu.

Mu 1947 Mayi Taussig adasindikiza buku lofotokoza zilema zobadwa nazo za mtima, limene lidakhala maziko a udotolo wa mitima ya ana. Komabe udindo wa pulofesa adawapatsa mochedwa, mu 1959.

Mu 1962 adamva kuti ku Germany kukubadwa ana ambiri a manja ndi miyendo yaifupi kwambiri. Adapita kukaona okha, ndipo adatsimikiza mumtima kuti gwero lake ndi mankhwala a thalidomide, amene amayi oyembekezera ankamwa kuti azigona ndi kuletsa mseru. Ana oposa 10,000 m'maiko osiyanasiyana adabadwa olumala chifukwa cha mankhwalawa. Atabwerera kwawo adachenjeza madotolo ndi aphungu a nyumba ya malamulo, ndipo chaka chomwecho dziko la Amereka lidakhwimitsa malamulo oyezera mankhwala atsopano.

Mu 1964 Pulezidenti Lyndon Johnson adawaveka mendulo yaulemu, ndipo mu 1965 adakhala mayi woyamba kutsogolera bungwe la American Heart Association. Sadakwatiwe, koma ankatsata ana amene adawachiritsa kwa zaka zambiri, kufuna kudziwa mmene akukulira. Adamwalira pa ngozi ya galimoto pa 20 May, 1986 ku Kennett Square, m'chigawo cha Pennsylvania, patatsala masiku anayi kuti akwanitse zaka 88.

Amayi anzathu, mwa ana 100 alionse obadwa, pafupifupi mmodzi amakhala ndi vuto la mtima, lalikulu kapena laling'ono, ndipo masiku ano ambiri atha kuthandizidwa akadziwika msanga. Mayi Taussig adapulumutsa ana chifukwa ankawaonetsetsa, ndipo kuonetsetsako nafenso tingathe. Mwana akamachita thukuta ndi kupumira poyamwa, sikelo yake ikakhala yosakwera, zikhadabo ndi nkhama zikamada, kapena wamkulupo akamanyonyomala pafupipafupi posewera, tisathamangire kunena kuti ndi tsempho kapena kuloza mnzathu chala. Tipite naye ku chipatala, tikafotokoze zonse zimene taona. Ndipo ana athu aakazi oyembekezera tiziwakumbutsa kuti asamwe mankhwala alionse asanafunse a chipatala.